Mwezi Umene Anthu Anasiya Kukangana Nane

Amene anandilakwira ndi atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, eni mbumba yathu. Sanandimenye, sanandilande munda, sananditukwane. Chimene anachita n'chakuti adokotala atawauza kuti chilonda cha pamwendo panga chasanduka khansa, iwo anapinda kalata, n'kuilonga m'thumba la jekete, n'kudzauza mudzi wonse kupatula ine mwini mwendo. Anaikanso lamulo loti pasapezeke munthu wondiyankha ndikapsa mtima. Ndiye kwa mwezi ndi masiku ndinkayenda pakati pa anthu oleza mtima ngati masisitere, osadziwa kuti akundilira ndili moyo.

Padutsa zaka zitatu tsopano. Ndikulemba izi mwendo wamtengo uli poteropo, nditautsamiritsa kukhoma, ndiye wina asade nkhawa kuti nkhaniyi ikathera kumanda. Ndikungofuna kuti zilembedwe mmene zinayendera, chifukwa atsibweni akamaifotokoza pamowa amadumpha zambiri.

Chilondacho chinayamba ndili mwana. Chitsa chinandibaya pamsongolo ndikuthamangitsa mbuzi, ndipo bala lake silinapole bwinobwino. M'chilimwe linkatseka, mvula ikagwa n'kutsekukanso. Sukulu ndinasiyira Sitandade 5 chifukwa cha chomwecho. Aphunzitsi ena anati ndizikhala kukhomo, akuti ntchentche zanga zikuchuluka kuposa ana olembedwa m'kaundula. Kalasi yonse inaseka. Ndinawagenda ndi sileti aphunzitsiwo, ndipo akanapanda kuwerama bwenzi ndikulemba nkhani ina. Ndinatulukira pakhomo lomwelo osabwereranso.

Kuyambira pamenepo, kumapiri kwathu kuno chakufupi ndi Chezi ankandidziwa ndi zinthu ziwiri: mtima wapachala ndi mganda. Za mtima sindikana. Ndinkakangana ndi anthu, ndi ng'ombe za pangolo, ngakhale ndi khasu likaguluka. Koma pamganda ndinali munthu wina. Gulu lathu, boma lathu monga timatchulira, kingi wake anali atsibweni omwewo, ndipo ine ndinkavina mzere woyamba, kumapeto chakumanja, kumene atsikana amaonera bwino. Masokosi a mganda ndi oyera, aatali mpaka m'mawondo. Ndikamanga nsanza pachilonda n'kukokera sokosi pamwamba, pabwalo panalibenso wachilonda. Panali mnyamata wa kabudula wosita, badza lake kukamwa likulira ngati lipenga, mpango kudzanja.

Chaka chimene ndinakwana zaka makumi awiri ndi zitatu, chilonda chinasintha khalidwe. M'mbali mwake munatukuka ngati bowa, ndipo kungochikhudza pang'ono, magazi chuchuchu. Atsibweni ananditengera panjinga kuchipatala cha mishoni. Kumeneko anadulako kanyama, akuti atumize ku Blantyre akakaunike, ife tibwerenso pakatha mwezi. Titabwereranso, chimanga chili kale m'nkhokwe, adokotala achizungu anaitana atsibweni okha. Sizinandidabwitse. Kuchipatala amalankhula ndi woperekeza, wodwala ntchito yake ndi kuvula ndi kuvala, komanso atsibweni anagwirapo ntchito ku Joni, Chizungu amachigwiragwira. Ine ndinatsala panja ndikukangana ndi mayi wina wogulitsa nthochi.

Atatuluka anandigulira banzi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Munthu amene chibadwire changa anali asanandigulireko ngakhale nzimbe.

"Akuti bwanji, atsibweni?"

"Akuti uzitsuka ndi madzi amchere, mphwanga. Chipola."

Pobwerera, tikafika pachitunda ankandiletsa kutsika. Ankakankha njinga ine ndili pakaliyala ngati thumba la feteleza.

Lachitatu lotsatira amayi anapha nkhuku. Kunalibe mlendo, sinali Khirisimasi. Atsibweni anabwera kudzadya nafe, ndipo anatola nthutumba, imene sinadutsepo pakamwa pa munthu wina iwo alipo, n'kuiika patsogolo panga. Ndinaidya msanga asanasinthe maganizo.

Ndili ndi mnzanga amene amaimba ng'oma yaikulu pamganda. Tinakulira limodzi kubusa, ndipo dzino lake limodzi lakutsogolo linatsala kudambo chifukwa cha ine. Bawo wathu sankatha popanda wina kugubuduza thabwa. Tsiku lina ndinamubera poyera, nkhomo ziwiri ndinazidumphitsa dzenje iye akuona. Anayang'ana nkhomozo, n'kundiyang'ana ine, n'kumeza malovu.

"Tiye nazo," anatero. "Wadya."

Kumsika nakonso. Pachipata pamaima bambo wina wa malaya ofiira, wa mudzi woyandikana nafe, wofunsa khadi la chipani. Ine ndi iyeyo tinali titagwiranapo m'makolala kawiri. Tsiku limenelo khadi ndinaliiwala m'malaya ena, ndiye ndinafika nditakonzeratu mawu omuyankha. Iye anangotsitsa chingwe, ati, "Lowani, achimwene. Muyende bwino." Mawu anga onse aja ndinalowa nawo mumsika, akundiyabwa pakhosi.

Ndisaname, masabata awiri oyamba ndinakondwa. Ndinkati anthu azindikira tsopano kuti ine ndine ndani. Ndinkaganiza kuti mwina akuluakulu akukonza zondipatsa ukapitawo wa mganda, kapena andipezera mkazi kuseri kwa phiri. Ndinayamba kuyenda manja ali kumbuyo. Mazira ndinkadya awiriawiri.

Zinandiipira tsiku loyamba kukonzekera mganda. Boma lina la cha ku Ntchisi linali litatumiza uthenga kuti likubwera kudzapikisana nafe, ndipo chaka chapitacho anali atatichititsa manyazi kwawo. Titafola m'mizere, atsibweni anakweza ndodo yawo yaukingi.

"Chaka chino mphwangayu apume. Azikhala pampando pafupi ndi ine, azitithandiza kuona mizere."

Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazilembe, poti pepalali mwina adzawerenga ana. Ndinatukwana boma lonse, mzere ndi mzere. Ndinati popanda ine akavina ngati abakha pamatope. Pamwala panali badza la bambo wina, chipanda chabwino chimene anachisamala zaka zambiri. Ndinaliponda, n'kuphwanyika. Ndinaima ndili wefuwefu, kudikira chibakera, ngakhale mawu okha. Mwini badza anagwada n'kumatola zidutswa.

"Linali lakale kale," anatero. "Palibe kanthu."

Atsibweni, amene anandikwapulapo chifukwa chongowadutsa kutsogolo, anati, "Pepa, mphwanga."

Ine ndaswa badza la mwini, wopepesedwa n'kukhalanso ine?

Atsibweni ali ndi mwana wamkazi, msuweni wanga, wocheperako kwa ine ndi zaka ziwiri, amene anafika Sitandade 8. Pachisuweni palibe mlandu, ndiye iyeyu chiyambire ankanditcha "amuna anga a ntchentche", ine n'kumamuti "akazi anga a mphuno ya mbatata". Tikakumana panjira anthu ankatula mitolo kuti amvere. Koma mwezi umenewo nayenso anali atasanduka. Ankandipatsa moni atagwada, n'kumanditi "achimwene". Zina zonse ndikanapirira, koma izi ayi.

M'mawa mwake ndinatsikira kumtsinje kukatsuka chilonda, n'kumupeza akuchapa mayunifolomu a mganda. Akabudula oyera anali atayanikidwa pathanthwe.

"Suweni, chigayo cha pakamwa pako chija chatha dizilo?"

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndati dizilo watha?"

Anangopitiriza kufikisa malaya. Ndinaponda m'matope ndi phazi labwinoli, n'kukapondanso pa kabudula wa atsibweni, woyera mbee, amene anali atangomuyanika. Ndinapotokolanso phazi kuti chidindo chikhale bwino.

Anadzuka ndi malaya onyowa aja n'kundikwapula nawo kumsana, phwaa!

"Galu iwe! Chitsiru chonunkha! Ndalawirira ine kudzachapa zimenezi!"

"Eyaa! Akazi anga abwera!"

"Ukuseka? Iwe m'mutu mwakomo muli chiyani, madeya? Nkhuku zikutha m'khola, ukuganiza kuti zikufera kukongola kwako?"

Atatero anagwira pakamwa. Kenako anakhala pathanthwe n'kuyamba kulira, kulira kwa mamina, uku akunditukwanabe. Ndinakhala pambali pake.

"Nena."

"Atate andipha."

"Ndiyamba ndine. Nena."

"Ndi khansa. Kalata ndinaipeza posita jekete. Mawu ena ndinawerenga, ena ndinamva akuuza azakhali, mayi ako. Akuti upite ku Lilongwe akadule mwendo pansi pa bondo. Akadula msanga ukhala. Akachedwa ikwera m'thupi."

"Nanga kalatayo ikutani m'jekete?"

"Atate akuti ku Joni anagwirizira mnzawo pomudula mwendo, ndipo anamwalirabe, mwendo n'kutayidwa kwina, iye n'kuikidwa kwina. Akuti mwana wa mlongo wawo sadzapita kumanda zidutswazidutswa. Akuti bola ufe wathunthu, uli kwanu, usakudziwa, mtima uli m'malo."

Ndinayang'ana phazi langa lakumanzere lili m'madzi. Zala zisanu, chikhadabo cha chala chachikulu chong'ambika. Chibadwire ndinali ndisanaliyang'anepo choncho. Tinsomba tinkabwera kudzalijompha. Ndinkafuna kukwiya, koma mkwiyo umene masiku onse unkabwera osaitanidwa, tsiku limenelo sunapezeke. Ndinayesa kudzuka, n'kukhalanso pathanthwe.

"Usakomoke pano," anatero msuweni akumina. "Sindingakunyamule ine, wanenepa ndi mazira."

Ndinaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunandiimiritsa.

Ubwino wokhala munthu wakufa ndi wakuti njinga ya atsibweni umangotenga osapempha. Lachiwiri m'mawa ndinaikwera iwo akuona, ndipo anangoti, "Uyende pang'onopang'ono, mphwanga." Kuchipatala mzungu uja kunalibe. Ndinapeza adokotala akwathu konkuno amene ankagwira naye ntchito, bambo wamfupi wadazi. Ndinalowa osagogoda n'kumenya tebulo.

"Mwendowu ndi wa ndani, wanga kapena wa atsibweni?"

"Iwe! Ukamenyanso tebulo langa ndikuitanira alonda akakuponye kumsewu! Khala pansi apo! Kwanu sanakuphunzitse kuodira?"

Ndikanawakumbatira. Mwezi wonse munthu wamkulu anali asanandikalipire. Ndinakhala pansi, manja pamawondo.

Atamva nkhani yonse anapukusa mutu, ati ankaganiza kuti ndili kale ku Lilongwe. Anandigoneka pabedi n'kuyamba kupapasa m'mphechepeche, kufuna mwanabere. Anapapasa nthawi yaitali, ine maso ali kudenga, mpweya ndaugwira.

"Sinakwere," anatero. "Koma masiku otaya atha. Lolemba galimoto yathu ikupita ku Lilongwe. Ulawirire."

"Ndifa?"

"Ine si Mulungu. Chimene ndaona ndi ichi: amene anadulidwa nthawi yabwino, ena amabwera pano kudzandigulitsa mtedza. Amene anathawa mpeni sindinawaonenso."

Analemba kalata ina n'kundipatsa m'manja mwanga. Ndili pakhomo ndinatembenuka.

"Loweruka kuli mganda."

"Ndiye?"

"Ndingavine?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwendowo watsala ndi masiku asanu pantchito. Augwire. Tenga bandeji iyi, usamangenso nsanza zakozo."

Pobwerera, pachitunda chachikulu, ndinatsika n'kumakankha njinga, ndipo ndinalira. Ndinalira mokweza poti panjira panalibe munthu, koma mbuzi. Ndinkaganiza za ngolo, kuti ndizidzaikwera bwanji. Ndinkaganiza za munda wa pamtunda, za atsikana, za kudzavula pamaso pa mkazi ndili ndi chitsa m'malo mwa mwendo. Nditafika pamwamba misozi inatha yokha. Kumunsi kunkaoneka mudzi wathu, zigafa za fodya, ndi utsi wa lupsa kumapiri a Ntchisi. Ndinakwera njinga, mabuleki osagwira, n'kutsetsereka ndikukuwa ngati wamisala, malaya akuuluka. Mantha analipo, sindikukana. Koma tsopano ndinkadziwa chimene ndikuopa, ndi tsiku lake lomwe.

Ndinayambira kwa mnzanga wa ng'oma uja. Ndinamupeza akuwamba ng'oma yake kuseri kwa nyumba.

"Ndadziwa," ndinatero. "Lolemba akukadula."

Anaika ng'oma pansi. "Wadziwa zoona?"

"Zonse."

"Ndiye ukhala?"

"Akuti mwina."

Anapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Kenako anayamba.

"Wakuba iwe! Mbava ya pabawo! Nkhomo ziwiri, ine ndikuona ndi maso angawa! Tsiku limene lija sindinadye, mkazi wanga ankati ndadwala malungo! Ndipo badza la mwini wake lija ukonza lina, wamva? Ndi mwendo umodzi womwewo!"

"Ndinakubera kanayi, iwe unaona kamodzi."

Tinagwirana m'khosi mpaka kugubuduzika pafumbi, tikuseka, iye akusamala kuti asagunde chilonda, ine osasamala kanthu.

Kwa amayi kunali kovuta. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga. Nditawauza anafunda chitenje kumutu nthawi yaitali. Anati tsiku lililonse ankafuna kundiuza, koma mlongo wawo ndiye mwini mbumba, iwo akanatani? Ndinawaonetsa kalata yatsopano ngakhale sadziwa kuwerenga. Anaisisita, n'kundibwezera, n'kupukuta m'maso.

"Ndiye kuyambira lero mazira usiye," anatero. "Nkhuku zanga zifungatire."

Tinagwirizana anthu anayi, ine, amayi, msuweni ndi mnzanga uja, kuti atsibweni asadziwe kaye. Ndinkawadziwa. Akanaitanitsa akuluakulu a banja, nkhani n'kukambidwa pansi pa mtengo mpaka Lolemba kudutsa, yunifolomu yanga n'kutsekeredwa m'sutikesi. Koma kwathu kuno zimene adziwa anthu anayi sizigona. Pofika Lachinayi aliyense ankadziwa kuti ndadziwa, kupatula atsibweni. Anthu omwe aja anandibisira ine anatembenuka n'kuyamba kubisira iwo, ndipo ndinaona kuti ntchito yachiwiriyi ankaikonda kuposa yoyamba ija. Atsibweni akamadutsa, onse ulemu: "Pepani achimwene, khalani pamthunzi." Akangokhota, mayi wina n'kuyamba kundinyoza chifukwa cha mbuzi zanga zimene zinamudyera chinangwa mwezi wathawo. Wa malaya ofiira uja anandibweza pachipata kuti ndikatenge khadi, ndipo ndinayenda njira yonseyo ndikuimba mluzu.

Masiku amenewo ndinaupatsa mwendo uja zonse zimene unkakonda. Ndinakwera nawo phiri la kuseri kwa mudzi mpaka pamwala wa pamwamba. Ndinamenya mpira pabwalo la sukulu yomwe ija ndinaithawa, n'kuchinya chigoli chimodzi ndi kumanzere, ngakhale ena amati goloboyi anachita dala. Ndinayenda opanda nsapato pamiyala yozizira ya mumtsinje ndi paphulusa lofunda la lupsa. M'mawa uliwonse ndinkadzuka nditaiwala, n'kudzakumbuka popinda mphasa. Zikatero ndinkatuluka kukafuna munthu wokangana naye, ndipo sankasowa.

Lachisanu atsibweni anandiitana kuchigafa kwawo. Anandikhazika pampando, iwo n'kukhala pachipika. Anayamba kundiuza za tsiku limene ndinabadwa, kuti ndinalira mpaka agalu kuthawa pakhomo, ndipo azamba anati mwana uyu adzavuta. Ankaseka, koma maso ali pansi. Ndinatsala pang'ono kuwauza. Mawu anafika pamlomo, ndiye ndinakumbuka sutikesi. M'malo mwake ndinati masiku ano ndikumamva kuzizira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chijasi chawo cha ku Joni, chimene sankalola munthu ngakhale kuchikhudza, n'kundiveka okha.

Madzulo ake msuweni anandibweretsera yunifolomu yanga m'dengu, pamwamba ataikapo masamba a maungu. Anali ataichapa mobisa, n'kuiviika m'madzi a chinangwa kuti iume gwa, n'kukaisitira kwa mnzake.

"Ukakandichititsa manyazi mawa," anatero, "ndikukana pagulu, ndikwatiwa ndi a ku Ntchisi."

Loweruka alendo anafika dzuwa lili pamutu, atafola kuchokera kumtsinje, mbendera patsogolo, mabadza akulira. Anthu anadzaza bwalo mpaka ena m'mitengo. Anayamba ndi alendowo, ndipo ndisawanamizire, anavina. Ine ndinali pampando pafupi ndi atsibweni, chijasi chija ndamanga mabatani mpaka m'khosi, miyendo ndafunditsa bulangete. Thukuta linkayenderera kumsana. Atsibweni ankangondifunsa ngati ndikufuna thobwa.

Itakwana nthawi yathu, boma lathu linalowa. Kumapeto kwa mzere woyamba anyamata anasiya mpata wa munthu mmodzi. Atsibweni anauona, n'kukweza ndodo kuti atseke, koma palibe anasuntha. Mnzanga uja anandiyang'ana, n'kumenya ng'oma katatu.

Ndinataya bulangete, n'kuvula jasi, n'kulowa.

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Wina anandiponyera badza lake. Phazi litamenya pansi koyamba ululu unakwera mpaka m'chiuno, kachiwiri unachepa, kachitatu sindinaumvenso. Tinapita kutsogolo, n'kubwerera, n'kutembenuka tonse pamodzi ngati chitseko chimodzi, mipango m'mwamba, fumbi koboo. Ndinatsika mpaka bondo kukhudza pansi, n'kudzuka pang'onopang'ono mmene ndinkachitira, mapewa okha akunjenjemera. Msuweni analowa m'bwalo ndi kansalu kudzandipukuta kumaso, uku akukuwa: "Amuna anga awa! Aonereni lero, Lolemba akukachepetsedwa!" Ngakhale a ku Ntchisi anayamba kuomba m'manja. Chibadwire ndinali ndisanavinepo choncho, ndipo ndinkadziwa ndili mkati movina.

Nyimbo yachiwiri ili pakati, wezulo inalira katatu. Ng'oma inaima. Atsibweni anali atalowa m'bwalo, wezulo ili m'manja, maso ali pamwendo panga. Nanenso ndinayang'ana. Sokosi inali itafiira kuyambira pamsongolo mpaka m'nsapato.

"Mphwanga," anatero motsitsa mawu, "tiye ukakhale pansi. Chilondacho chipola ukamapuma."

Ndinaona kuti mwezi umenewo akalamba, kolala ya malaya inali itawakulira. Anthu a midzi iwiri anali akutiyang'ana. Kale ndikanakuwa, mwina ndikanathyola ndi ndodo yawo yomwe. Koma ndinapukuta badza pamalaya, n'kuwayandikira kuti amve bwino, ndipo ndinati:

"Atsibweni, sichipola, ndipo inu mukudziwa. Ndi khansa. Ndinapita ndekha, andiuza pamaso panga, kalata ina ili m'thumba muno. Inu munafuna kundiika wathunthu, ine ndikufuna kukhala moyo, ngakhale wopunguka. Munandilakwira, atsibweni. Munandilira ndisanafe, n'kuuza aliyense za mwendo wanga kusiya ine woupondera. Lolemba ndikupita akaudule. Mukafuna kundiperekeza tiyeni, ndingakondwe, koma adokotala akafunsa, woyankha ndine. Lero ndikadali nayo iwiri, ndipo nyimbo mwaidula pakati alendo akuona. Lizani wezuloyo."